Magazi a Nanzikambe

Mng'ono wanga tinkamutchula kuti Kamu. Si dzina limene adada anamupatsa, ndipo pa mtanda wa pamanda pake silinalembedwe, koma mutapita pa Uliwa lero n'kufunsa anyamata amene tinkamenya nawo mpira wachikulunga kuseri kwa msika, dzina limene angakumbuke ndi lomweli. Linachokera mufilimu. Mufilimumo mwini dzinalo anali mkazi, koma iye analibe nazo ntchito zimenezo.

Munali mu 2006. Ine ndinali ndi zaka 12, iye 8. Inu amene munakula TV ili pabalaza mwina simungamvetse kuti vidiyo sho inali chiyani kwa mwana wa pa Uliwa. Kanali kachipinda kamodzi, malata otsika, mabenchi a matabwa osapala, pakhomo atapachika chinsalu chakuda chonunkha thukuta la chaka chathunthu. Sipika ankaiika panja dala kuti mfuti zizimveka mpaka pamsewu wa M1, moti ukamachokera kumunda wa mpunga ku Hara unkadziwiratu uli patali kuti lero kuli Rambo kapena Van Damme. Mutu wa filimu ankaulemba ndi choko pa katoni. Khomo linali K5. Matepi ambiri ankabwera ndi madalaivala a mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, ena atatheratu, chithunzi chikunjenjemera ngati chadwala malungo.

Mafilimu omasuliridwa kale m'Chichewa, awa mumapatsirana m'mafoniwa, anali asanafike. Ife womasulira wathu anali wamoyo, mnyamata wa Fomu 2 amene ankakhala pa kampando pafupi ndi sikirini n'kumatiuza zimene azungu akunena, m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa. Ndikamaganiza pano, theka la zimene ankanena ankangopeka. Koma ankapeka bwino, ndiponso ndani akanatsutsa munthu wa Fomu 2?

Tsikulo pa katoni panalembedwa CHAMELEON. Anthu anali ochepa chifukwa mbiri inamveka kuti sitelingi wake ndi mzimayi. Ife tinalowa chifukwa K10 tinali nayo kale m'manja ndipo kubwerera nayo kunyumba kukanabutsa mafunso oti tinaitenga kuti.

Nditakula ndinadzadziwa kuti filimuyi sinalowepo n'komwe m'nyumba zazikulu zoonetsera kanema. Inapangidwira TV, kanema wa ku America wotchedwa UPN, mu 1998, ndipo inadzakhala ndi zotsatira ziwiri mu 1999 ndi 2000. Bobbie Phillips ndi amene anasewera ngati Kam. Nkhani yake ikuchitika mu 2028. Kam sanabadwe ngati inu ndi ine. Anachita kumupanga mu labotale, kutenga za munthu n'kusakaniza ndi za nyama zitatu: chilombo cha mtundu wa mphaka cha ku America chotchedwa cougar, mbalame yolusa ya mtundu wa kabawi, ndi nanzikambe. Anamupangira ntchito yaukazitape ndi yakupha. Akaima pakhoma amasanduka khoma, mdani n'kumangoyang'ana uku ndi uku mpaka chibakera chitamupeza. Kenako akukumana ndi kamnyamata kamene mabwana ake akukasaka, ndipo chinthu chimene omupangawo sanachiyembekezere chikudzuka mwa iye. M'malo mokapereka, akukateteza.

Womasulira wathu atafika pofotokoza mmene Kam anapangidwira anaimirira, n'kuloza sikirini. "Mwamuona uyu? Ali ndi majini a nyalugwe, majini a kabawi, majini a nanzikambe!" M'chipinda monse kunangoti "Eeeh!" Kwathu kumpoto, kufupi ndi malire, majini tinkawadziwa bwino. Ndi aja amati munthu amakagula ku Tanzania kuti golosale iziyenda kapena kuti chilimira chizidzaza usipa pamene anzake akubwera chimanjamanja. Ndiye tonse tinamva kuti mzimayiyu anakhwima katatu. Mayi wina amene analowa kudzakoka mwana wake anatuluka akulavula. Ine zinanditengera mpaka Fomu 3, m'kalasi ya Biology, kuti ndizindikire kuti pali majini enanso, aja timatengera kwa makolo, ndipo ndinaseka ndekha mpaka aphunzitsi ananditulutsa.

Mwa tonse amene tinali m'chipindamo, amene anaimva filimu ija molondola anali mwana wa Sitandade 2. Tikubwerera kunyumba madzulo, iye akuyenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, anandigwira malaya.

"Akulu, ndiye kuti munthu angathe kumutsegula n'kumusintha magazi?"

"Ndi filimu chabe iwe."

"Koma 2028 ikubwera eti?"

"Ikubwera."

Anawerenga zala, kubwereza kawiri. "Ndidzakhala ndi zaka 30," anatero, ngati munthu amene wapatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala.

Kamu anayamba kudwala asanayambe n'kukwawa komwe. Amama amati ali ndi miyezi 7 tizala ta m'manja ndi kumapazi tinatupa ngati talumidwa ndi njuchi, ndipo analira mpaka mawu anatha. Kuyambira pamenepo unali moyo wake. Maso achikasu, mimba yotupa chakumanzere, thupi laling'ono kuposa msinkhu wake. Ululu ukabwera ankati mafupa akutafunidwa m'kati. Unkabwera makamaka mwera ukayamba kuwomba mu June, kapena akasamba madzi ozizira, ndiye anamuletsa kulowa m'nyanja. Tangoganizani, mwana wa kunyanja wosasambira. Ife tikamadumphira m'madzi iye ankakhala pamchenga kulondera zovala zathu, ndipo ankatilipiritsa usipa wokazinga pa ntchitoyo. Kuchipatala nthawi zonse ankati malungo: Fansida, nthawi zina kwinini, kawiri konse kumuwonjezera magazi. Kwa ng'anga anapitanso, katatu, ndipo pachifuwa pake panali mizere ya mphini ngati kope la masamu.

Anthu a kwathu tinakulira pakati pa kafukufuku wamkulu osadziwa kuti ndi wamkulu. Ku Chilumba, kamtunda kochepa kuchokera pa Uliwa, kuli malo amene anayamba mu 1979 kufufuza za khate, mogwirizana ndi asayansi a London School of Hygiene and Tropical Medicine. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a m'boma la Karonga analowa nawo m'kafukufuku wa katemera wa BCG. Pambuyo pake anayamba za TB ndi HIV, ndipo kuyambira mu 2002 akhala akulemba aliyense wobadwa, womwalira ndi wosamuka m'dera lathu. Masiku ano dzina lawo ndi MEIRU, koma kumudzi mpaka lero timangoti a Lepra. Ankabwera pa njinga zamoto, atanyamula mafomu, nthawi zina ndi timabotolo. Ndipo monga mukudziwira, paliponse pamene pali timabotolo ta magazi m'Malawi muno, nkhani ya anamapopa siichedwa. Ana ena akamva njinga ankathawira m'chinangwa.

Kamu, ataonera filimu ija, anayamba kuthamangira komwe kukumveka njingako. M'mutu mwake zonse zinali zitalumikizana: labotale ili ku Chilumba, magazi amapita kumeneko, ndiye kuti Kam amapangidwa ku Chilumba. Tsiku lina bambo wina wa kalembera atakhala pampando pakhonde pathu akufunsa amama mafunso, Kamu anapinda mkono wa malaya n'kumutambasulira dzanja.

"Adada, tengani ndopa zanga. Mukasakanize ndi za kabawi, mudzandibwezere."

Bambowo anaseka mpaka cholembera chinagwa. Kenako anamuyang'ana m'maso, n'kusiya kuseka. Anafunsa amama mafunso ena amene sanali pa fomu. Pomaliza anati iwo si dokotala, koma anang'amba kapepala n'kulembapo mawu awiri, n'kunena kuti tikapita kuchipatala chachikulu tikaonetse. Umu ndi mmene mawu oti siko selo analowera m'nyumba mwathu, mwana ali ndi zaka 8, atamwa kale Fansida wodzaza chigoba. Patapita miyezi anamuyeza ndipo zinatsimikizika. Tinabwerako ndi dzina la matenda, timapiritsi tachikasu towonjezera magazi, Panado, ndi malangizo oti azimwa madzi ambiri ndi kuvala juzi.

Dzinalo linabweretsanso mlandu. Anamwino ananena kuti ndi matenda a kumtundu, ndipo mawu oti kumtundu kwathu salowa m'nyumba mwaulemu. Ife ndi a chilowoka, ana ndi a kuchimuna, ng'ombe zinaperekedwa. Ankhazi, alongo awo a adada, anabwera kudzazonda, ndipo ali pamphasa pomwepo, Kamu atagona pambali, anati: "Kwathu matenda awa kulibe. Tafufuzani bwino, ndopa izi zabwera ndi alamu." Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuchigayo kuti ng'ombe zawo zinapita pachabe. Adada sanawatsutse. Sanawavomerezenso, anangotenga nkhafi n'kupita kunyanja. Amama anangoti zii, ndipo zii ameneyo anakhala nawo zaka 17.

Agogo aakazi ndi okhawo amene ankamutenga Kamu ngati mwana osati ngati mlandu. Iwo ndi amene anatiuza nthano ya nanzikambe, tsiku limene Kamu anawafotokozera filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akuchita kusanzira zibakera. Mwina inunso munaimva kwanu, chifukwa ili pafupifupi m'mitundu yonse ya kuno. Chiuta anatuma nanzikambe kuti akauze anthu kuti akafa adzadzukanso. Nanzikambe ananyamuka, koma mayendedwe ake mukuwadziwa, phazi limodzi m'mwamba, kuganiza kaye, kubwerera pang'ono, kenako kuponda. Buluzi ananyamuka pambuyo ndi uthenga wina, woti akafa afa basi, ndipo anafika msanga. Anthu analandira mawu oyamba kufika. N'chifukwa chake anyamata akamugwira nanzikambe amamuthira fodya wa phuno m'kamwa kuti afe, ati kubwezera.

Nafenso tinkachita zimenezo. Tsiku lina tinamupeza pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mnzathu wina atabera kale agogo ake fodya. Kamu, amene sankalowerera ndewu chifukwa ankadziwa kuti chibakera chimodzi chikhoza kumugoneka sabata, anaima pakati pa ife ndi mtengowo.

"Musiyeni. Musiyeni akafike kaye."

Anyamata anafa nacho chiseko. Wina anati, "Uyu ndi m'bale wake, ndi Kam uyu!" Dzina linamera pomwepo, ndipo iye analilandira ndi manja awiri. Akadwala n'kujomba kusukulu milungu iwiri, pobwerera ankauza anzake kuti sanajombe, analipo m'kalasi, kungoti anasanduka khoma.

Mu December 2009 nthaka ya Karonga inayamba kugwedezeka. Zivomerezi zinatsatizana kwa milungu, chachikulu chinabwera kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike. Nyumba zambiri zinagwa chakumpoto, kufupi ndi ku boma, koma ngakhale kwathu kum'mwera tinkazimva, ndipo palibe ankafuna kugona pansi pa njerwa. Tinkagona panja, m'nyengo ya mvula, pa mphasa zonyowa, udzudzu uli ng'wee. Kwa ife ena zinali ngati masewera. Kwa Kamu kuzizira ndi udzudzu zinali adani awiri amene anamuuza kuti aziwathawa moyo wake wonse, ndipo tsopano tinamugoneka pakati pawo pomuteteza ku khoma.

Anayamba kutentha thupi chaka chatsopano chitangolowa. Usiku wachitatu anayamba kubanika, milomo itayera ngati pepala. Ndinamubereka kumsana kuchokera kunyumba mpaka pamsewu, amama akutsatira ndi tochi ndi kabuku ka kuchipatala. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Tikudikira galimoto anandinong'oneza kukhutu, "Akulu, musanjenjemere. Sitelingi safa." Ndi mawu amene tinkakuwa mu vidiyo sho sitelingi akazunguliridwa. Kuchipatala kumene tinafika kunalibe magazi oti amuwonjezere usiku umenewo. Anati adikire kuche. Anamwalira tambala woyamba asanalire, ali ndi zaka 11.

Zimene ndilembe apazi ndinaziphunzira mochedwa, zina m'kalasi, zambiri pafoni usiku tulo tikakana. Malangizo onse a thupi la munthu analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa kokwana pafupifupi 3 biliyoni. Mwa Kamu chilembo chimodzi, pa jini yotchedwa HBB, chinali T pamalo pa A. Chimodzi basi. Chifukwa cha chimenecho, mpweya ukachepa m'thupi maselo ofiira a magazi amapindika ngati zenga limene amama ankamwetera mpunga, n'kumakodwa m'timitsempha. Kutafunidwa kwa mafupa kuja kunali kumeneko. Selo labwinobwino limakhala masiku 120, lopindikali limafa pa masiku 10 kapena 20, n'chifukwa chake magazi ankangomuthera.

Nanga chilembo choipa chonchi chinachulukiranji pakati pathu? Mu 1954 wasayansi wina, Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti munthu amene watenga chilembochi kwa kholo limodzi lokha sadwala siko selo, ndipo malungo oopsa samugwetsa msanga. Kumene kuli udzudzu wambiri, ana otere ankapulumuka pamene anzawo ankafa, n'kukula, n'kubereka. Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye chete. Womasulira wathu uja ankaloza sikirini, koma anthu osinthidwa majini kuti alimbane ndi mdani anali atakhala pa mabenchi. Ndi ife a m'mphepete mwa nyanja, ndipo anatikonza ndi udzudzu, kwa zaka zikwizikwi, popanda labotale. Kungoti chida chimenechi chili ndi mtengo wake. Awiri onyamula chilembochi akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana atenge mbali zonse ziwiri. Mtengowo kwathu analipira ndi Kamu.

Mu December 2023 ndinali pa depoti ya Mzuzu, m'minibasi yodikira kudzaza, ndikungoseweretsa foni. Ndinaona nkhani yoti America yavomereza mankhwala otchedwa Casgevy, Britain itavomereza kale mwezi wa November. Ndinawerenga kamodzi, n'kubwereza. Amatenga maselo amene amapanga magazi m'thupi la wodwala. Amapita nawo ku labotale n'kukawadula ndi CRISPR, lumo la majini limene linapezetsa Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier mphoto ya Nobel mu 2020. Sakonza chilembo cholakwika chija ayi, amachita mochenjera kuposa pamenepo: amadula pa jini yotchedwa BCL11A, imene imazimitsa mtundu wa magazi amene mwana amakhala nawo ali m'mimba, ndipo magazi aukhanda aja, amene sapindika, amayambiranso kupangidwa. Kenako amapha mafuta a m'mafupa akale ndi mankhwala amphamvu ngati a khansa, n'kubwezeramo maselo okonzedwawo. Mayi wina wa ku Mississippi, Victoria Gray, analandira chithandizochi mu 2019 chili pa kafukufuku, ndipo ululu umene unkamugoneka m'chipatala chaka ndi chaka unasiya.

Tengani ndopa zanga, mukasakanize, mudzandibwezere. Mwana wa Sitandade 2 anafotokoza ndondomeko yonse pakhonde pathu mu 2006. Analakwitsa pa kabawi pokha. Ndipo sizinadikire n'komwe 2028.

Kondakitala anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndi fumbi.

Mtengo wake ku America ndi $2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Pa mtengo wa kubanki, osati wa pamsika wakuda, ndi ndalama zoposa K3 biliyoni. Ana oposa theka la miliyoni amabadwa ndi siko selo chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo amabadwira kuno ku Africa, kum'mwera kwa Sahara. Ndinakwiya nazo kwa masiku angapo, ndipo kukwiya kwake kunali kokoma, chifukwa kukwiyira chinthu chimene sungachifikire sikupweteka kwenikweni. Umangotukwana azungu n'kugona.

Chimene chinandisowetsa tulo ndinachipeza pambuyo pake. Pali kapisozi wina wotchedwa hydroxyurea, mankhwala akale, osafuna labotale ya mufilimu, ongomwa kamodzi patsiku. Nayenso amadzutsa magazi aukhanda aja, pang'ono chabe koma mokwanira kuchepetsa ululu. America inamuvomereza pa siko selo mu 1998. Chaka chimene filimu ya Chameleon inatuluka, chaka chimene Kamu anabadwa. Zoti penisilini wa tsiku ndi tsiku amateteza ana otere ku matenda amene amawapha mwadzidzidzi zinadziwika kale mu 1986. Koma kafukufuku wamkulu wosonyeza kuti hydroxyurea amagwira bwino mwa ana a mu Africa, wotchedwa REACH, amene anachitikira ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, zotsatira zake zinatuluka Kamu atagona m'manda pafupifupi zaka 9. Anapeza kuti ululu, kuwonjezeredwa magazi, malungo ngakhale imfa zinachepa. Uthenga unanyamuka kalekale, agogo. Unali m'njira nthawi yonseyi, phazi limodzi lili m'mwamba. Pano zinthu zayamba kusuntha, makiliniki a PEN-Plus amene kuno anayambira ku Neno anafikanso ku Karonga, ndipo mwana wa siko selo wa lero ali ndi poyambira pamene ife tinalibe. Ndimasangalala nazo, koma ndisakunamizeni, chisangalalo chake chimakhala ndi mchenga m'kati.

Filimu ija ndinaifufuza pa intaneti n'kuionera pafoni, bandulo yonse ya sabata kuthera pomwepo. Aise, zinthu zina ndi bwino kuzisiya m'chikumbumtima. Ndi filimu ya ndalama zochepa, kusanduka khoma kuja kumene kunatikuwitsa kukuoneka ngati munthu wamukutira m'pulasitiki, ndipo zovala zothina za Kam n'zoonekeratu kuti anasokera maso a amuna osati ntchito yaukazitape. Womasulira wathu anaikometsa kuposa eni ake.

Koma ndinamvanso nkhawa yake, imene tili ana sitinaimve. Filimuyi ikuda nkhawa kuti munthu wochita kupangidwa ndi munthu kapena katundu, ali ndi mtima kapena ayi, mwini wake ndani. Mafilimu ambiri a nthawi imeneyo ali ndi mantha omwewo, kaya Universal Soldier ya Van Damme ya 1992, kaya Gattaca ya 1997. Sindikuwanyoza manthawo. Mu 2018 wasayansi wa ku China, He Jiankui, anasintha majini a ana amapasa asanabadwe, dziko lonse linadzuma, ndipo anamangidwa zaka zitatu. Anayenera. Kungoti ndaona kuti amene amalemba mafilimuwa ndi anthu oti thupi lawo siliwapweteka. Kwa iwo munthu mmene anabadwira ndi wabwino kale, ndiye aliyense womukhudza akumuwononga. Palibe anaganizapo zolemba filimu ya kamwana kamene kakuthamangira njinga yamoto katapinda mkono wa malaya. Kamu funso loti akasinthidwa adzakhalabe munthu silinamufikepo m'mutu. Iye ankafuna kusambira.

Chinanso, zaka zonsezi ndinkakumbukira Kam yekha. Ndinali nditaiwaliratu kuti mufilimumo muli kamnyamata, ndipo kuti theka la filimu ndi munthu wamkulu akuthawa nako, kukabisa, kukakoka padzanja. Pamenepo ndinaimitsa, n'kutuluka panja kaye.

Khirisimasi ya chaka chomwecho ndinapita kumudzi. Ndinawapeza amama akupeta mpunga kuseri kwa khitchini. Ndinakhala pansi, n'kutola kamtengo, n'kujambula padothi bokosi la zipinda zinayi monga tinkachitira mu Biology. A ndi S pamwamba, A ndi S m'mbali.

"Amama, taonani. Uyu ndi inu, uyu ndi adada. Mwana sangadwale pokhapokha atatenga uku ndi uku. Ndopa zija sizinali zanu nokha. Theka linachokera kwa adada, ndiye kuti kwa agogo, kumene kunachokeranso ankhazi."

Sanasiye kupeta. Lichero linakwera, linatsika, mankhusu akuuluka. Ndinaganiza kuti sanamve ndipo ndinayamba kubwereza.

"Ndamva," anatero. "Ukawauze ankhazi ako."

Ankhazi anamwalira mu 2017. Tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Anapetanso kanthawi, kenako analoza bokosi lija ndi chala cha kuphazi.

"Nanga iwe uli m'chipinda chiti?"

Ndinali ndisanayezetsepo. Munthu wowerenga za CRISPR pakati pa usiku, wodziwa kutchula BCL11A, ndinali ndisanapereke dontho limodzi la magazi kuti ndidziwe za ine mwini. Nditabwerera ku Mzuzu ndinakayezetsa. Ndine AS. Mwina n'chifukwa chake pa mphasa zonyowa zija, udzudzu womwewo utatiluma tonse awiri, ine ndinadzuka ndi zidzolo zokha.

Tsopano pali mtsikana. Kwawo ndi ku Chintheche, kunyanjanso, kwa udzudzunso. Takhala limodzi zaka ziwiri, thenga anapita kale kwawo, ndipo akuluakulu ayamba kuwerengetsera. Za Kamu ndinamuuza kalekale, koma za bokosi la zipinda zinayi ndinkangozengereza, lero mawa, lero mawa. Sabata yatha ndinalimba mtima tikudya chipisi pa Katoto. Ndinajambula pa kapepala kopukutira m'manja. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye akandipeza kuti nanenso ndine AS, undisiya?"

"Ayi."

"Wayankha msanga kwambiri," anatero. "Ganiza kaye. Ine sindikufuna kudzakhala amama ako, kupeta mpunga zaka 17 anthu akundinena."

Sindinayankhe, ndipo mpaka pano yankho limene lingamukwanire ndilibe. Ndamuona mwana akutafunidwa mafupa, ndipo ndikudziwa kuti sindingathe kuberekanso wina kumsana kupita naye pamsewu usiku. Ndikudziwanso kuti adada ndi amama akanajambula bokosi limeneli mu 1992 n'kuchita mantha, sikukanakhala Kamu, sikukanakhalanso ine. Mwayi ndi umodzi mwa inayi, atatu enawo ndi ana osambira. Hydroxyurea pano akupezeka, ngakhale si nthawi zonse. Ndimawerengetsa zimenezi usiku ngati mmene iye ankawerengera zala, ndipo nthawi iliyonse ndimapeza yankho lina.

Tinagwirizana kuti akayezetsa Lachinayi likubwerali. Tisanasiyane anandiuza kuti ndimutumizire filimuyo, aone chimene chinapatsa mlamu wake dzina. Ndinamuchenjeza kuti ndi yakale ndipo imadya bandulo. Dzulo cha m'ma 11 usiku foni inalira.

"Filimu yako ndi yobowa," analemba. "Koma mzimayiyu amamenya."

Patapita mphindi ziwiri unabweranso wina. "Lachinayi 8 koloko. Ya kabaza ulipira ndiwe."